Adopushoni ya Che Sufiyani

Inu, tamverani. Basi ya ku Liwonde imeneyi sibwera msanga, ndiye tulani katunduyo pansi ndikuuzeni za Che Sufiyani a ku Utale, munthu amene anatsala pang'ono kupita ku Mangalande chifukwa cha liwu limodzi lokha la Chingerezi.

Zinachitika kale, boma la Machinga tikulitchabe Kasupe, masiku amene munthu ukaiwala khadi la chipani kunyumba msika wa Balaka unkauonera panja. Che Sufiyani anagwira ukhukhi kwa mzungu wina ku Zomba zaka makumi awiri ndi zitatu. Bwanayo atapita kwawo, iwo anabwerera ku Utale kwa akazi awo, Abiti Chande, atatenga njinga, chijasi chaubweya chimene bwana anawasiyira, ndi Chingerezi.

Njingayo inali yabwino, chijasicho chinalinso chabwino. Koma Chingerezicho, abale anga, chinali cha kukhitchini. Supuni chinkaidziwa, foloko chinkaidziwa, "Yesi madamu" ndi "Dina izi redi" zinkatuluka ngati madzi a pampopi, koma chikangoponda panja pa khitchini chinkayamba kutsimphina. Nanga pamudzipo akanawatsutsa ndani? Munthu akabwera ndi botolo la mankhwala kuchokera kuchipatala, wowerenga anali iwowo. Mbuzi ikalowa m'munda mwawo ankaithamangitsa m'Chingerezi, ati imamva msanga.

Chaka chimenecho alangizi a zaulimi, a Elliam, anayenda khomo ndi khomo ndi atambala a Mikolongwe, akuda bii, amisinkhu, oti azikwera nkhuku zachikuda kuti anapiye azikula msanga. Ambiri anakana, ati nkhuku yachizungu sidziwa kuthawa mphamba. Amene analandira ndi Abiti Chande. Anamanga khola lokwezeka, ankasunga gaga, katemera wa chitopa akabwera ankakhala oyamba pamzere, ndipo pakutha kwa miyezi pabwalo panadzaza misoti yonenepa yoyenda mwaulemu ngati akazi a bwanamkubwa. Koma dzina limene alangizi anatumiza ku boma linali la mwamuna, monga zinkakhalira. Che Sufiyani eniake nkhukuzo ankazidziwira m'mbale basi.

Tsono Lachitatu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera aphunzitsi a Lyford, pakuti makalata onse a dera lija ankafikira kusukulu.

"Odi kuno! Che Sufiyani, kalata yanu iyi, yachokera ku boma. Adiresi yake ndi yotayipa, ndiye m'katimo muyenera kuti ndi Chingerezi. Ndikuwerengereni?"

Che Sufiyani anawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Aphunzitsi, pamene ine ndinkayankhula ndi azungu maso ndi maso, inu n'kuti mukudya dothi. Chingerezi chanucho n'cha m'buku. Changa ndinakatunga pachitsime penipeni. Sikomo, pitani bwino."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuyendetsa chala pamizere. Liwu loti lady analidziwa. England analidziwa. Thursday analidziwa bwino, linali tsiku lophika nsomba kwa bwana. Mawu ena aataliatali apakati anawalumpha ngati munthu wolumpha zithaphwi atavala nsapato zatsopano, chonsecho nkhani yonse inali m'zithaphwi momwemo. Kalatayo inkanena kuti mayi wina wa ku Mangalande, wa bungwe limene linathandiza pa nkhani ya nkhuku, abwera Lachinayi la sabata yamawa kudzaona khomo limene linalandira bwino tambala watsopano. Koma chala cha Che Sufiyani chinakaima pa mawu awiri okha, your adoption, ndi ena pansi pake owauza kuti akhale okonzeka.

Liwu loti adoption ankalidziwa kuposa dzina lawo. Kale ku Zomba kuja, bwana ndi dona wake analibe mwana. Tsiku lina anakatenga kakhanda kamasiye ku mishoni, ndipo mwezi wathunthu m'nyumba monse munali adopushoni, adopushoni. Mkaka wa mwanayo ankawiritsa ndi iwo amene. Kamwanako kanabwera nthiti zili pamtunda, koma patapita zaka kunabwera chithunzi kuchokera ku Mangalande, mnyamata ataima pa chipale chofewa, masaya ali tutumu ngati mandasi a Lachisanu.

"Mayi a Saida! Tabwerani kuno msanga!"

Abiti Chande anabwera akupukuta manja. "Kwagwanji?"

"Akubwera kudzanditenga. Mzungu, mayi, wa ku Mangalande. Adopushoni."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti kutenga mwana wamasiye n'kukamulera ngati wako."

Abiti Chande anayang'ana uku ndi uku pabwalopo. "Wamasiyeyo ali kuti?"

"Si ine ndili pano?"

"Asitafurulahi! Inu, bambo a Saida? Imvi zonsezi? Zidzukulu zisanu ndi ziwiri?"

"Mayi anga ali kuti? Tandionetsani. Bambo anga ali kuti?"

"Mayi anu anamwalira inu muli ndi ana atatu!"

"Umasiye sukalamba, mayi. Boma lafufuza m'mabuku ake lapeza kuti ku Utale kuli munthu wopanda mayi, wopanda bambo, waukhondo, wodziwa foloko, wolankhula Chingerezi. Mzungu angavutike bwanji ndi khanda loti ayambe kuliphunzitsa, pamene wophunzira kale alipo?"

Abiti Chande anafuna kuseka, koma kuseka kunawathera pakhosi. Iwonso anakhalako ku Zomba miyezi ingapo, ndipo anaona ndi maso awo galu wa dona akugona pa bulangete, ali ndi mbale yakeyake yolembedwa dzina. Anthu oti angalere galu chotero, angalephere kulera nkhalamba?

"Ndiye ine mundisiya?" anafunsa motsitsa mawu.

Apa Che Sufiyani anakanda m'mutu, chifukwa akazi awo ankawakonda ndithu, kungoti batala ankamukondanso. "Musadandaule. Ndikakhazikika ndidzawauza Mami kuti kumudzi ndinasiya mlongo wanga, nayenso wamasiye."

"Mlongo!"

Chipande chinadutsa pafupi ndi khutu lawo n'kukamenya mtengo wa mango.

Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti, Che Sufiyani anaima pakhomo n'kutsanzika mpingo wonse. Ena anagwira pakamwa, ena anayang'ana kumbali mapewa akugwedezeka. Koma munthu mmodzi anakhulupirira nthawi yomweyo osafunsa funso, mlamu wawo Che Abdulrazak, mchimwene wa Abiti Chande, amene kwa zaka zambiri ankayang'ana njinga ija ndi diso la fisi.

"Alamu, mwayi wotere umagwera anthu abwino okha. Koma tandiuzani, m'ndegemo njinga imakwera?"

"Iyayi, alamu. Kumeneko njinga n'za ana. Ine ndizikayenda pa galimoto."

"Ndiye yatsalayi idye dzimbiri? Chisoni chake!"

"Itengeni. Muzindikumbukira mukamatsika chitunda."

Che Abdulrazak sanadikire kuti mawuwo azizire. Anthu anangoona fumbi.

Aphunzitsi a Lyford atamva nkhaniyo anabweranso, chipewa chili m'manja. "Bambo, tandibwerekani kalata ija ndingoiona pang'ono. Mwina pali liwu lina..."

"Mwaona nsanje?" anatero Che Sufiyani akuuza anthu amene anali pafupi. "Akufuna afufute dzina langa alembepo lawo. Aphunzitsi, inu mayi anu ali moyo, ndinawaona dzana kuchigayo. Dikirani nthawi yanu."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Che Sufiyani sanadye phula lokha, anadya ndi njuchi zomwe.

Lolemba anaganiza zokonzekeretsa thupi. Ku Mangalande, iwo anati, munthu savula jasi chaka chonse, ndiye mapewa ayenera kuzoloweratu kulemera kwake. Inu mukudziwa kutentha kwa ku Utale mu Okutobala, koti ngakhale buluzi amayenda modumphadumpha kuopa kupsa mapazi. Masana enieni, munthu wamkulu anavala chijasi chaubweya chofika m'akakolo, anamanga mabatani mpaka pakhosi, n'kuuyamba ulendo wa ku siteshoni ya sitima, manja kumbuyo ngati bwana woyendera munda wa tiyi. Anadutsa sukulu bwinobwino. Anadutsa golosale akupereka moni m'Chingerezi. Atafika pamjigo, dziko linazungulira kawiri, ndipo anagwa chagada, khu!

Amayi amene ankatunga madzi anakuwa n'kuyamba kuwakhuthulira ndowa, ina pambuyo pa inzake. Madzi ozizira atalowa m'khosi mwa chijasi, Che Sufiyani anatsegula diso limodzi, akunjenjemera, n'kumwetulira.

"Tafika?"

"Mwafika pamjigo, bambo!"

Chijasi chitamwa madzi chinalemera ngati thumba la chimanga, fungo lake ngati tonde wonyowa ndi mvula. Anawanyamula amayi anayi, wachisanu atasenza chijasicho pamutu. Abiti Chande anawalandira n'kungoyanika chijasicho pa nkhokwe.

Mukuganiza kuti analeka? Ha! Lachitatu anayamba kuda nkhawa ina. Bwanji mayiyo akadzaona ndevu n'kusintha maganizo? Anatenga lumo n'kumeta ndevu zimene anazisunga zaka khumi, chibwano chinatsala mbee ngati mbatata yosenda. Anatsegula sutikesi n'kutulutsa kabudula woyera wa masiku a ukhukhi. Ndipo m'mawa wa Lachinayi anatenga polishi wakuda wa nsapato n'kupaka m'mutu monse, imvi zonse zii.

"Mukuoneka bwanji kodi?" anatero Abiti Chande atasenza ndowa.

"Ndikuoneka wa zaka zingati?"

"Kumutu makumi awiri. Mawondowo zana limodzi."

Anapita kumjigo akupukusa mutu. Kuchokako kunali kulakwa, chifukwa m'mbuyomo ukhukhi unawadzukira amuna awo. Mayi wako watsopano akubwera ulendo woyamba, ungamulandire ndi nkhwani? Anayang'ana pabwalo, diso linagwera pa nkhuku yaikulu kuposa zonse, yonyezimira, yoyenda monyada pakati pa misoti. Anaithamangitsa kuzungulira nkhokwe katatu, kabudula akuphwanthuka, mpaka anaigwira. Bisimilahi, mpeni pakhosi. Pamene Abiti Chande ankatula ndowa, pabwalo panali nthenga zakuda zokhazokha, ndipo kukhitchini kunkachokera fungo la anyezi ndi kale wothira m'ndiwo limene mudzi uja unali usanamvepo.

Mayiwo anayang'ana nthengazo, anayang'ana khola, n'kukakhala pa mtondo. Amene muli pabanja mukudziwa kuti kukhala pansi kotero n'koopsa kuposa kulalata.

Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali utasonkhana, ena kudzatsanzikana nawo, ambiri kudzaona mapeto ake. Sutikesi inali pakhomo, chijasi chili pamwamba pake. Galimoto ya boma inatitimira mumchenga powoloka Rivirivi, ndiye a Elliam alangizi anatsala kumeneko akukankha ndi dalaivala. Mlendoyo, Mayi Pirichadi, mzimayi wamtali wofiira ndi dzuwa, diresi lofika kumapazi monga lamulo linkanenera, anati iye atsogola wapansi. Amene anamuperekeza ndi tcheyamani wa chipani wa dera lija, a Bizwick, baji ili pachifuwa.

Che Sufiyani anagwada, mawondo onse awiri kulira kuti kwetche.

"Welokamu, Mami. Dina izi redi."

Mayiyo anadabwa pang'ono kuona nkhalamba ya kabudula, koma anali munthu waulemu. Chichewa anali ataphunzirako cha m'kabuku, ndipo ankachinyadira monga mmene Che Sufiyani ankanyadira Chingerezi chawo. Apa ndiye anakumana akatswiri awiri.

"Moni, bambo. Ine ndakondwa. Adoption yanu, yabwino kwambiri."

Che Sufiyani anatembenukira khamu lija. "Mwamva? Aphunzitsi, muli kuti? Mwamva ndi makutu anu?"

Anamukhazika pampando pansi pa mango, a tcheyamani pambali pake, n'kubweretsa mpunga ndi nkhuku. Kunena zoona, kuphika ankatha munthu uja. Mayiyo anadya chidale, anawonjezera, a tcheyamani anagwira ntchafu ndi manja awiri. Kenaka mlendo anatulutsa kabuku ndi cholembera n'kuyamba mafunso.

Tsono apa mvetsetsani. Iye ankafunsa za tambala. Koma kwathu kuno munthu wamkulu sitimulasa ndi mawu, timamuzungulira mwaulemu: adzuka bwanji, adya kale, akupita kuti. Ndiye mzungu atati, "Amadya bwino?" Che Sufiyani anangoti mumtima, koma mayi ameneyu ndi woleredwa.

"Kwambiri, Mami. Chilichonse, kupatula nkhumba."

Mayiyo analemba. "Gaga amadya?"

"Gaga? Chaka cha njala chokha, Mami. Koma buledi wopaka batala, apo ndiye palibe vuto."

Mayiyo anakweza nsidze, n'kulembanso. "Amagona kuti?"

"M'nyumbamu, pamkeka, pamodzi ndi mayi awo ali apowo."

Mzungu anatembenuka n'kuyang'ana Abiti Chande ndi ulemu waukulu. M'maulendo ake onse anali asanaonepo mlimi wokonda chiweto chake chotero.

"Katemera analandira?"

Che Sufiyani anapinda dzanja la malaya n'kuonetsa chipsera cha katemera wa nthomba. Mayiyo sanamvetse, koma anagwedeza mutu poganiza kuti ndi mwambo wa kuno.

"M'mawa amadzuka? Amalira?"

"Kudzuka ndiye mbandakucha, nthawi ya swala ya kumzikiti. Koma kulira iyayi, Mami! Ngakhale pang'ono. Simudzamva phokoso m'nyumba mwanu."

"Salira? O, pepani. Mwina akudwala."

"Iyayi, wamphamvu! Za Lolemba zija linali dzuwa chabe."

Nthawi imeneyi n'kuti polishi atayamba kusungunuka. Mzere wakuda unatsika pachipumi, unadutsa pamphuno, wina unazungulira khutu n'kulowa m'kolala. Iwo ankangopukuta ndi dzanja, ndipo kupukuta kulikonse kunkawonjezera mavuto, mpaka nkhope inafanana ndi poto wa pamafuwa. Mayiyo anayang'anitsitsa m'kabuku kake kuti asaone. Liwu loti thadzi linali litamuthawa, ndiye anagwira limene linali pafupi.

"Akazi ali nawo angati?"

"Mmodzi yekha, Mami. Koma atsala konkuno."

"Mmodzi? Iyayi, iyayi! Wamphamvu, mkazi mmodzi? Kuwononga! Akazi khumi. Khumi ndi awiri, bwino kwambiri."

Inu! Pabwalo panaphulika. Amayi anagwirana mapewa, a tcheyamani mpunga unawalowa kolakwika, Che Abdulrazak amene anaima kumbuyo atagwira njinga anayamba kuwerenga pa zala ngati nawonso si amasiye. Che Sufiyani anameza malovu, maso akuwala pakati pa polishi.

"Chipembedzo chathu chimalekeza pa anayi, Mami. Koma tikakambirana m'ndege."

Abiti Chande anadzuka pa mtondo paja. Sanathamange, anangodzuka n'kumanganso chitenje, ndipo amene anali pafupi anayamba kupatuka.

Mwamwayi nthawi yomweyo anatulukira a Elliam alangizi, mchenga mpaka m'nsidze, akupuma ngati ng'ombe ya pangolo. Anaona sutikesi, anaona kabudula, anaona nkhope, koma analibe nthawi yofunsa.

"Pepani kuchedwa. Che Sufiyani, mayiwa ali ndi makomo ena oyendera. Tiyeni kukhola akaone tambala."

"Tambala uti?"

"Wa Mikolongwe uja. Si amene abwerera?"

Pang'onopang'ono maso a Che Sufiyani anatsikira m'mbale ya mlendo, mmene munatsala mafupa oyera. Maso a alangizi anatsatira. Maso a mudzi wonse anatsatira.

A Elliam anagwira kumutu n'kukuwa osaganiza: "Mwapha tambala wakuda?"

Zii! Ngakhale njiwa mumtengo zinaleka kulira. Achinyamata a lero simungamvetse. Tambala wakuda masiku amenewo anali chizindikiro cha chipani, anali pa baji, anali pa nsalu za amayi, ndipo mawu ngati amenewo, onenedwa mokweza pagulu, ankatha kumutengera munthu kumalo kumene kalata sizifika. A Elliam eniake atazindikira chimene chatuluka m'kamwa mwawo, anagwira pakamwa. Aliyense anayang'ana a tcheyamani.

A Bizwick anali ndi fupa la ntchafu m'manja, mafuta akutsikira kuchigongono. Analiyang'ana fupalo nthawi yaitali. Anayang'ana baji yawo. Kenaka analiika pansi mofatsa, n'kutsokomola.

"Maso a chipani pamudzi pano ndine. Nkhuku imene ndadya ine inali yofiira. Alipo amene anaona yakuda?"

"Yofiira!" linayankha khamu lonse ngati kwaya.

"Yofiira psuu," anatero Abiti Chande, phazi lawo litaponda nthenga imene mphepo inkaikankhira kwa a tcheyamani. Mkwiyo ndi mkwiyo, koma mwamuna wako sumupereka.

Apa m'pamene aphunzitsi a Lyford anatambasula dzanja, ndipo Che Sufiyani anatulutsa kalata ija m'thumba osatsutsa. Aphunzitsi anaiwerenga yonse, ndi zithaphwi zomwe, n'kuimasulira mokweza. A Elliam anafotokozera mlendo m'Chingerezi. Mayi Pirichadi anayang'ana sutikesi, anayang'ana mafupa, anawerenganso zimene analemba m'kabuku zija za buledi ndi mkeka, ndipo anayesetsa, walahi anayesetsa, koma kuseka kunamugonjetsa mpaka misozi. Atapezako mpweya anagwira dzanja la Che Sufiyani n'kunena kuti pepani katatu, dzanja lake n'kuchokapo lakuda.

Koma munthu wa Chingerezi chapachitsime sagonja pamaso pa anthu.

"Aphunzitsi, imani kaye. Mukuti adopushoni si kulera mwana?"

"Ndi kulera mwana, bambo. Pamenepo simunalakwe."

"Mwamva nonse? Sindinalakwe."

"Koma mlimi akalandira njira yatsopano, kaya mbewu, kaya nkhuku, amatinso adoption. Anthu pamsonkhano akavomereza mfundo kuti ikhale yawo, ndi adoption. Ngakhale munthu akasiya kavalidwe ka kwawo n'kutengera ka eni ake..." aphunzitsi anayang'ana kabudula uja n'kuona kuti ndi bwino alekere pomwepo.

"Liwu limodzi lomwelo ligwire mwana, ligwire nkhuku, ligwire msonkhano?"

"Limodzi lomwelo."

Che Sufiyani anapukusa mutu mwachisoni, ngati munthu amene wamva kuti bwenzi lake lolemera limagona ndi njala. "Ndiye ndi chilankhulo chosauka. Ife kulera ndi kulera, kuweta ndi kuweta, kuvomera ndi kuvomera. Iwo supuni imodzi, ya tiyi yomweyo, ya mankhwala a mbuzi yomweyo. Munthu angapewe bwanji kulakwa?"

Koma anthu n'kuti atatsatira kale mlendo kukhola. Kumeneko ndi Abiti Chande amene ankalankhula, kuonetsa misoti, kuonetsa anapiye, kufotokoza za gaga ndi katemera, alangizi akumasulira. Mayi Pirichadi anafufuta dzina la mwamuna m'kabuku kake n'kulemba la mwini nkhuku weniweni, anawajambula chithunzi atanyamula msoti, ndipo asanakwere galimoto analamula kuti pakhomopo pabwere tambala wina, aperekedwe m'manja mwa mayi, osati mwa khukhi.

Galimoto inapita, fumbi linakhazikika, anthu anabalalika akugwira nthiti. Pabwalo panatsala anthu awiri ndi sutikesi.

"Mayi a Saida," anatero Che Sufiyani ndi mawu aang'ono, "kodi sopo alipo?"

"Mukawafunse akazi khumi ndi awiri aja."

"Zinali za tambala zija, mwamva nokha."

"Za anayi zija zinalinso za tambala?"

Polishi anatenga masiku atatu kuti achoke, ndevu zinatenga miyezi itatu kuti zibwerere, ndipo nthawi yonseyo wosesa m'khola ndi kuperekera nkhuku madzi anali Che Sufiyani, poti Abiti Chande anati pakhomo pawo wamasiye sadya zaulere. Za njinga, Che Abdulrazak anati chinthu choperekedwa pakhomo la mzikiti, pamaso pa mpingo, kuchibweza ndi tchimo. Anadzaibweza ndithu, koma tcheni chitaduka ndiponso chishalo chitapita.

Dzina ndiye linawakanirira. Kuyambira ku Utale mpaka kumsika wa Balaka, aliyense ankawaitana Che Wamasiye, ndipo m'kupita kwa zaka iwonso anayamba kuvomera. Koma musaganize kuti anavomera kulakwa. Ine ndinawapeza atakalamba kwambiri, atakhala pakhonde la telala ku Balaka, wina atawaputa dala kuti, "Che Wamasiye, za ku Mangalande zija zinatha bwanji?"

Anagwedeza ndodo yawo. "Anthu amakamba zambiri, za nkhuku, za chiyani. Nkhuku inali pothawira chabe. Mayi uja anabwereradi ine, kungoti nditamwetulira anaona vuto. Azungu amatenga mwana wopanda mano. Ine n'kuti nditatsala nawo anayi."

Anatsegula m'kamwa kuti tonse tione, munali nkhama zokhazokha.

"Akanangochedwa zaka ziwiri, bwenzi pano mukundilembera makalata."